Nyimbo Zopanda Ng'oma m'Komboni ya Phokoso: Mtsutso wa Ambient ndi Drone ku Matero

Pa mitundu ya nyimbo imene intaneti yafikitsa m'mafoni a anthu a mu Lusaka, ilipo iwiri imene ili kutali kwambiri ndi zimene khutu la m'komboni linazolowera. Woyamba ndi ambient, ndiwo nyimbo zoyenda mwakachetechete, kawirikawiri zopanda ng'oma, zopanda mawu oyimbidwa komanso zopanda kolasi, zimene zimapekedwa kuti zikhale mbali ya malo amene munthu alimo, osati kuti zimuimiritse pampando. Wachiwiri ndi drone, ndiwo nyimbo zomangidwa pa liwu limodzi, kapena pa mawu ochepa ogwirizana, amene amakokedwa kwa mphindi zambiri osaduka, ndipo ngati asintha amasintha pang'onopang'ono kotero kuti womvera sazindikira pamene kusinthako kwayambira. Funso limene likuunikidwa pano ndi lakuti kodi munthu wokhala ku Matero, amene amatseka makutu ake ndi timahedifoni n'kumamvera nyimbo zotere pofuna kupumula, kugona kapena kuwerenga, akudzichitira zabwino kapena akudzinamiza.

Mbiri ya nyimbozi ndi yodziwika bwino. Mu 1917 Erik Satie wa ku France anapeka tinyimbo timene ankafuna kuti anthu asamatitchere khutu, koma tizingomveka pamene iwo akucheza. Brian Eno wa ku England ndiye anakhazikitsa dzina la ambient ndi chimbale chake cha 1978 chotchedwa Music for Airports, chimene anachikonza pozunguliza matepi a utali wosiyanasiyana nthawi imodzi, kuti mawu ake azikumana mosiyana nthawi iliyonse tepi ikabwerera poyambira. Kumbali ya drone, La Monte Young wa ku America analemba nyimbo mu 1960 yokhala ndi manotsi awiri okha oyenera kugwiridwa kwa nthawi yayitali, ndipo pambuyo pake anaphunzira kuyimba kwa Chimwenye kwa Pandit Pran Nath; Éliane Radigue wa ku Paris, pogwiritsa ntchito makina opangira mawu otchedwa ARP 2500, anapeka Trilogie de la Mort, nyimbo yotenga pafupifupi maola atatu. Onsewa ankagwira ntchito m'mayiko mmene chipinda chachete si chinthu chosowa, ndipo mfundo imeneyi ndiyo imachititsa kuti mtsutsowu ukafika ku Matero usakhalenso wofanana ndi wa ku London kapena New York.

Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, ndipo amene anaijambula anagawa malo mwa njira yakuti mayadi aakulu, mitengo ndi bata zinapita kwa azungu, pamene antchito achiafirika anapatsidwa malo opanikizika kunja kwa tawuni. Matero inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ngati malo a nyumba za kanselo, ndipo m'mbali mwake munakula George, Lilanda ndi Chunga. Boma la Frederick Chiluba litagulitsa nyumba za kanselo kwa okhalamo mu 1996, eni nyumba atsopano ambiri anamanga zipinda zochititsa lendi m'mayadi mwawo, mizere ya zipinda imene anthu amaitcha midadada, kotero kuti pamalo pamene panali banja limodzi lero pamakhala mabanja angapo olekanitsidwa ndi khoma la buloko imodzi ndi denga la malata lopanda siling'i. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Amene wayenda mu Commonwealth Road madzulo amadziwa zimene ziwerengerozi zimatanthauza kukhutu: mahutala a maminibasi, ang'wang'wazi oitanira okwera, zokuzira mawu za pa tuntemba zogulitsa mafoni, makina owotcherera zitsulo, chigayo, nyimbo za m'mabala zimene zimapitirira mpaka usiku, ndipo kumapeto kwa sabata mapemphero ochezera usiku wonse.

Oikira kumbuyo nyimbozi amayambira pamenepa, ndipo mfundo yawo yaikulu si ya luso la zoyimba ayi, koma ya malo okhala. Iwo amati munthu aliyense amafunika mpata wokhala yekha ndi maganizo ake, ndipo popeza mdadada sungampatse mpatawo, timahedifoni ndi nyimbo yabata zimamumangira kachipinda kamene lendi yake sangaikwanitse. Chitsanzo chake ndi mwana wa giredi 12 amene akukonzekera mayeso m'chipinda chimodzi ndi azing'ono ake, wakhala pamphepete pa bedi buku lili pamaondo, kuseri kwa khoma kukumveka wailesi yakanema ya aneba, panja mbaula ikukupizidwa ndipo amayi akukambirana za mtengo wa makala. Akaika nyimbo ya kalindula kapena ya amapiano, phokoso lakunja limabisika ndithu, koma mawu a woyimba amalimbana ndi mawu a m'buku, ndipo phazi limayamba kutsata ng'oma. Akatswiri a za ubongo anaona kalekale kuti mawu olankhulidwa kapena oyimbidwa amasokoneza kukumbukira zimene munthu akuwerenga, ngakhale iye asakuwatchera khutu, ndiponso kuti chimene chimadzidzimutsa khutu kwambiri ndi kusintha kwadzidzidzi, monga chitseko chomenyetsedwa kapena galu wouwa, osati liwu lokhazikika. Nyimbo ya drone ilibe mawu otsatira ndipo ilibe podumpha, choncho imachepetsa kusiyana pakati pa bata ndi phokoso ladzidzidzi popanda kulanda maganizo a wowerengayo. Chimodzimodzi mlonda kapena namwino wa pa chipatala cha Matero amene wagwira ntchito usiku ndipo ayenera kugona masana, nthawi imene komboni yonse ili maso.

Mfundo imeneyi ili ndi umboni wina woichirikiza, ngakhale si wochuluka monga mmene okonda nyimbozi amafunira. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo wochitika m'mayiko osiyanasiyana, linatulutsa kuunika kwake mu 2015, n'kukuwonjezera mu 2022, ndipo linapeza kuti akuluakulu ovutika kugona amene amamvera nyimbo asanagone amanena kuti tulo tawo tayamba kukoma. Kwa munthu wopanda ndalama za mankhwala, njira yosafuna mapiritsi kapena mowa si yopeputsa, makamaka m'dera limene anthu ena amafunafuna tulo m'botolo la kachasu.

Otsutsa ali m'magulu angapo, ndipo mfundo zawo sizilemera mofanana. Gulu loyamba limati izi si nyimbo konse, chifukwa nyimbo kuno ndi chinthu cha anthu pamodzi: pali woyambitsa ndi ovomera, pali ng'oma ndi kuwomba m'manja, pali uthenga wolangiza, wodzudzula kapena wotonthoza. Pamaliro ku Matero, amayi a kwaya amachezera kuyimba m'nyumba ya siwa pamene abambo akuwotha moto panja, ndipo chitonthozo chimabwera chifukwa chakuti woferedwa akumva mawu a anthu amene amawadziwa. Munthu amene mtima wake ukalemera amathawira ku liwu la makina lopekedwa ku Berlin, iwo amati, akudzichotsa pa mankhwala enieni a chisoni, amene ndi anthu anzake. Ena amaonjezapo nkhani ya kunyadira zakwathu, pokumbutsa kuti m'zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za mu Zambia, ndipo kuti nthawi imeneyo ndiyo inakweza Zamrock ya WITCH ndi Paul Ngozi, kenako kalindula ya P.K. Chishala ndi Amayenge.

Mfundo imeneyi imakopa, koma imaiwala theka la mwambo umene ikuuteteza. Pambali pa ng'oma za pabwalo, dera lino lakhala ndi zoyimbira za munthu mmodzi, za mawu otsika, zimene woyimba ankadziyimbira yekha. Pakati pa Atonga ndi Aila pali kalumbu, uta wa chingwe chimodzi wokhala ndi chikho chimene woyimba amachigunditsa pachifuwa uku akumenya chingwecho ndi kamtengo. Amene ankaimba anali anyamata osakwatira, ndipo makolo akamva kulira kwake ankadziwa kuti mnyamata wafuna banja. Kummwera kwa Malawi kuli mkangala, uta wa bango umene unabwera ndi Angoni ndipo unkaimbidwa ndi atsikana ndi amayi: woyimba amaika nsonga imodzi pakamwa, amakodola chingwe, ndipo posintha kukula kwa mphako ya m'kamwa amatulutsa timawu tokwera timene timabisala mkati mwa liwu lalikulu la chingwecho. Liwu lapansi limakhala lomwelo, nyimbo imayenda pamwamba pake, ndipo amene amaimva bwino koposa onse ndi woyimbayo, chifukwa imalira m'mutu mwake momwe. Kalimba nayo inali bwenzi la woyenda ulendo wautali ndi la wosowa tulo. Zoyimbirazi si drone ya La Monte Young, pakuti zili ndi kagundidwe kake ndipo nthawi zambiri zimaperekezedwa ndi mawu, komabe zikuonetsa kuti kumvera liwu lokhazikika uli wekha, pofuna kukhazika mtima pansi, si mwambo wobwera ndi foni.

Chitsanzo chapafupi koposa chili m'matchalitchi a ku Matero komweko. M'mipingo yambiri ya chipentekoste, kwaya ikamaliza nyimbo zovina ndipo m'busa akayamba pemphero, woyimba kiyibodi sachotsa manja: amasankha liwu lofewa lofanana ndi la zingwe zambiri, amagwira manotsi atatu kapena anayi ndi dzanja lamanzere, amawasunga kwa nthawi yayitali, ndipo amasintha pokhapokha mawu a m'busa akakwera kapena akatsika. Ng'oma zimakhala zili chete, anthu atseka maso, ndipo palibe amene akumvera kiyibodiyo ngati nyimbo, koma magetsi akathima mwadzidzidzi aliyense amazindikira kuti chinachake chimene chinanyamula pempherolo chachoka. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni imene Eno ankafuna kuti nyimbo zake zizigwira, ndipo mnyamata wa kiyibodi uja amaigwira Lamlungu lililonse popanda kuitchula dzina lachilendo. Ngakhale m'luso lamakono, Afirika salinso womvera chabe: Joseph Kamaru wa ku Nairobi, wodziwika ndi dzina la KMRU, amene ndi mdzukulu wa woyimba wotchuka wa Chikikuyu wa dzina lomwelo, amajambula mawu a m'misewu ndi m'malo osiyanasiyana n'kuwasandutsa nyimbo, ndipo chimbale chake cha 2020 chotchedwa Peel chinatamandidwa m'mayiko ambiri.

Gulu lachiwiri la otsutsa limadera nkhawa za chikhulupiriro. Zambia inalengezedwa kukhala dziko lachikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo okhulupirira ena amakayikira nyimbo zimene pa YouTube zimabwera ndi zithunzi za anthu osinkhasinkha mwa njira ya zipembedzo za ku Asia. Nkhawayi ili ndi pogwira, popeza Radigue anali wotsatira Chibuda cha ku Tibet ndipo zina mwa nyimbo zake zinachokera m'chikhulupiriro chimenecho. Koma liwu lokokedwa palokha lilibe chipembedzo, monga kiyibodi ya m'tchalitchi yaonetsera, ndipo Baibulo lomwe limasimba za Davide amene ankaimbira zeze mfumu Sauli kuti mtima wake ukhale pansi. Womvera ali ndi ufulu wosankha zimene chikumbumtima chake chikulola, ndipo nkhaniyi ingathere pomwepo.

Mfundo zimene wolemba nkhani ino akuziona kuti n'zolemera zenizeni ndi zina, ndipo yoyamba ndi ya khutu lenilenilo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo, ndipo muyezo umene limapereka kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, desibelo pokhala muyeso wa kukula kwa phokoso. Phokosolo likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Vuto la womvera wa ku Matero ndi lakuti nyimbo zimene zinapekedwa kuti zizimveka motsitsa, iye amazigwiritsa ntchito yophimba phokoso la bala, ndipo timahedifoni totchipa togulidwa pa kantemba sititsekereza phokoso lakunja, choncho amakweza voliyumu mpaka nyimboyo ipambane. Popeza liwu lake ndi lofewa ndipo silibaya, khutu silidandaula msanga monga likanachitira ndi nyimbo yaphokoso, ndipo munthu angagone nalo usiku wonse. Timaselo ta mkati mwa khutu timene timalandira mawu tikawonongeka sitimeranso. Walira mvula walira matope: amene wasankha njira imeneyi ayenera kudziwa kuti nyimbo yotchedwa yopumulitsa ingamusiye ndi kulira kwa m'khutu kosatha. Palinso mbali ina imene wa kumayadi sangaiganizire msanga, yakuti m'komboni khutu ndi mlonda. Mfuu ya mnansi amene walowereredwa ndi akuba, kulira kwa mwana amene watentha thupi pakati pa usiku, kapena hutala ya minibasi pamene munthu akudumpha msewu, zonsezi zimafuna khutu lotseguka, ndipo wodzitsekera m'kachipinda ka mawu uja amadzichotsa pa ulonda umene anzake akuudalira.

Yachiwiri ndi ya malonjezo abodza. Nyimbo zambiri zamtunduwu zimafalitsidwa ndi mitu yolonjeza kuchiza nkhawa, kutsuka ubongo kapena kukonza thupi kudzera m'manambala ena ake a kunjenjemera kwa mawu, monga 432, ndipo palibe umboni wa sayansi wodalirika wochirikiza zimenezi. Nyimbo ya Weightless, ya gulu la Marconi Union la ku Manchester, inatchuka kuyambira 2011 ndi mbiri yakuti imachepetsa nkhawa ndi 65 peresenti, koma chiwerengerocho chinachokera ku kafukufuku wa anthu ochepa amene analipiridwa ndi kampani yogulitsa zosambira. Kuunika kwa 2021 kwa Samantha Riedy ndi anzake kunapezanso kuti umboni wakuti phokoso losalekeza limathandiza kugona ndi wofooka kwambiri. Choopsa apa si ndalama zotayika, koma nthawi: munthu amene ali ndi matenda enieni a maganizo angachedwe kupita ku kiliniki kapena ku chipatala cha Chainama Hills chifukwa chokhulupirira kuti foni ikumuchiza, pamene lamulo la Mental Health Act la 2019 linakhazikitsidwa pofuna kuti anthu otere azithandizidwa mwaulemu ndiponso msanga.

Yachitatu ndi imene imafika pa muzu wa nkhani. Phokoso la ku Matero si mvula kapena mphepo, koma chotsatira cha zosankha za anthu ndi za maulamuliro: mmene malo anagawidwira, kumene mabala analoledwa kumangidwa, ndiponso mmene malamulo amatsatidwira. Lamulo la Environmental Management Act la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limawerengera phokoso m'gulu la zowononga chilengedwe, ndipo kanselo ya mzinda ili ndi mphamvu pa ziphaso za malo omwera mowa ndi nthawi zake zotsekera. Otsutsa amati aliyense akadzigulira bata lakelake, anthu amasiya kudandaula pamodzi, ndipo khanda, nkhalamba ndi wodwala, amene sangavale timahedifoni, amatsala okha m'phokosomo. Amaonjeza kuti bata logulali lili ndi mtengo: limafuna foni yabwino, bandulo ya Airtel, MTN kapena Zamtel, komanso batire yodzaza, chinthu chimene chinasowa kwambiri mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, Purezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala maola ofika 20 pa tsiku opanda malaiti. Miyezi imeneyo komboni inadzaza ndi kulirima kwa majenereta a m'mashopu ndi m'malo ometera, liwu limodzi losaduka limene palibe amene analipempha, ndipo aliyense amene anagona pafupi nalo angachitire umboni kuti liwu lokhazikika silipumulitsa chifukwa chongokhazikika. Chimene chimasiyanitsa ndi chakuti munthu walisankha yekha ndipo angathe kulizimitsa. Ndalama za bandulo nazo sizifika kwenikweni kwa opeka nyimbo: Spotify inafika ku Zambia mu 2021, ndipo mtolankhani Liz Pelly, m'buku lake la 2025 lotchedwa Mood Machine, anafotokoza mmene mindandanda ina ya nyimbo zopumulira imadzazidwira ndi nyimbo zotchipa zoitanitsidwa ku makampani, zolembedwa mayina a oyimba osadziwika.

Poyeza mbali ziwirizi, wolemba nkhani ino akuona kuti otsutsa amapambana pa nkhani ya makutu ndi ya malonjezo, koma amalephera pamene akufuna kuti womvera asiye. Kuuza mwana wa mayeso uja kuti adikire kufikira malamulo a phokoso atayamba kugwira ntchito ndi kumulipiritsa mlandu umene sanapalamule, pakuti mayeso ake ali chaka chino, ndipo mnzake wa ku Kabulonga kapena Woodlands, amene adzalemba naye pepala lomwelo, ali ndi chipinda, tebulo ndi mpanda. Palibenso chifukwa choganizira kuti amene walawa bata kwa ola limodzi amaleka kulifuna. N'kutheka kuti ndiye amayamba kuzindikira kukula kwa chimene akumanidwa, n'kukhala woyamba kupita kwa khansala wa wadi yake kapena kwa mwini bala. Chofunika ndi kusiyanitsa kuphimba ndi kumvera. Wophimba amakweza voliyumu kuti agonjetse komboni, ndipo amaluza makutu. Womvera amasankha nthawi imene phokoso latsika, mwina m'bandakucha, amatsitsa voliyumu, amasiya khutu limodzi lotseguka ngati m'nyumba muli mwana, ndipo amatchera nthawi yakuti foni izime yokha. Nyimbo za Radigue kapena za KMRU zinapekedwera womvera wotereyu, ndipo zimaphunzitsa khutu kuzindikira kuti mkati mwa liwu limodzi muli mawu ambiri, luso lomwe woyimba mkangala anali nalo.

Chimene chimadetsa nkhawa wolemba koposa n'chakuti mbali yakwathu ya mwambowu ndiyo yovuta kuipeza. Hugh Tracey anajambula oyimba kalimba ndi kalumbu mu Northern Rhodesia mu 1952 ndi 1957, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye anaikhazikitsa mu 1954 ndipo lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Amene anazitulutsanso pa zimbale ndi Michael Baird, woyimba ng'oma wobadwira mu Lusaka, kudzera mu kampani yake ya SWP Records ya ku Netherlands. Mnyamata wa ku Matero amene walemba pa foni kuti akufuna nyimbo zopumulira amapatsidwa maola khumi a mvula ya m'nkhalango za kutali ndi piyano ya munthu wosadziwika dzina, ndipo makina osankhira nyimbo sangamutsogolere ku kalumbu pokhapokha iye atadziwa kale kuti kalumbu iliko. Ntchito yomudziwitsa ili m'manja mwa aphunzitsi a zoyimba m'masukulu monga Matero Boys ndi Matero Girls, mwa okonza mapulogalamu a usiku pa wailesi, ndiponso mwa anyamata a m'timasitudiyo ta m'komboni, amene ali kale ndi kompyuta, maikolofoni ndi kiyibodi zimene ntchitoyi imafuna.